Sunil Gavaskar ndi mtolo wotsegulira kumenya mu kriketi ya India

M'mwezi wa Malichi 1987, pabwalo la mumzinda wa Ahmedabad ku India, Sunil Gavaskar anakhala munthu woyamba kufikitsa marani (mapointi a womenya mpira) 10,000 m'masewero a Test, omwe ndi masewero aatali ndiponso olemekezeka kwambiri mu kriketi. Pamene ankapuma m'chaka chomwecho anali atasewera ma Test 125, atapeza marani 10,122, ndipo anali atadutsa marani 100 mu innings imodzi (mpata umodzi womenya) maulendo 34, kuposa wina aliyense pa nthawiyo. Manambala amenewa amatchulidwa kawirikawiri, koma paokha sanena zambiri kwa munthu amene sakudziwa malo amene Gavaskar ankasewera ndiponso mtundu wa timu imene ankaisewerera. Iye anali wotsegulira kumenya, ndipo ankatsegulira timu imene kwa zaka zambiri inkati akangotuluka iyeyo msanga, ena onse ankayoyoka. Kusamala kumene kunamupatsa ulemu, komanso kumene nthawi zina kunamukwiyitsira anthu a kwawo, kunachokera pa udindo umenewu.

Timu ya kriketi imakhala ndi osewera 11. Timu imodzi imaponya mpira ndi kutchinga m'bwalo, ina imamenya, ndipo omenya amalowa awiriawiri. Womenya amaima patsogolo pa timitengo titatu totchedwa wiketi, ndipo woponya amamuponyera mpira kuchokera pa mtunda wa mamita pafupifupi 20. Womenyayo amatuluka ngati mpira wagunda wiketi, ngati waumenya wina n'kuuwakha usanagwe pansi, kapena ngati watchinga ndi mwendo mpira umene ukanagunda wiketi. Akatuluka ndiye kuti zake zatha mu innings imeneyo, ndipo anthu 10 akatuluka timu yonse yatha. Mu Test timu iliyonse imamenya kawiri, masewero amatenga masiku asanu, ndipo ngati nthawi yatha popanda wogonjetsa mnzake, matimuwo amangolepherana. Choncho womenya amene angathe kukhala pabwalo tsiku lathunthu amapulumutsa timu yake ngakhale pamene kupambana kwakanika.

Anthu awiri oyamba kulowa ndiwo amakumana ndi mpira watsopano. Mpira wa kriketi ndi wolimba, wokutidwa ndi chikopa, wolemera pafupifupi magalamu 160, ndipo uli ndi msoko wotukuka pakati pake. Ukakhala watsopano umakhota m'malere, ukagwera pa msoko umapatuka mwadzidzidzi, ndipo umanjanja kwambiri kufika pachifuwa ndi kumutu. Oponya aliwiro amakhala asanatope, ndipo mpira wothamanga makilomita oposa 140 pa ola umafika kwa womenya mu theka la sekondi. Palibenso amene wadziwa kale mmene nthaka ya tsikulo ikuchitira. Nthawi zina wotsegulira amakhala atatchinga m'bwalo tsiku lonse ndi theka padzuwa, kenako amapatsidwa mphindi 10 zokha zoti avale zodzitetezera n'kukayamba kumenya. Ali ngati munthu woyamba kudutsa m'njira ya kumunda m'mamawa, amene mame onse amathera pa miyendo yake kuti obwera m'mbuyo ayende pouma. Akapirira maola awiri, mpira umafewa, oponya amatopa, ndipo omenya apakati amapeza marani mosavuta. N'chifukwa chake luso lalikulu la wotsegulira ndi kudziwa mpira woti ausiye udutse osaukhudza, ndipo pa luso limeneli Gavaskar anali ndi anzake ochepa kwambiri.

Anabadwira ku Bombay, mzinda umene masiku ano ukutchedwa Mumbai, pa 10 Julayi 1949. Iye mwini anasimba kuti ali wakhanda kuchipatala anasinthanitsidwa mwangozi ndi mwana wa msodzi, ndipo wachibale wina amene anali ataona kabowo kakang'ono pakhutu lake lakumanzere ndiye anazindikira kuti mwana amene wagonekedwa pambali pa mayi si yemwe uja. Kriketi inali kale m'banjamo. Bambo ake ankasewera m'makalabu, ndipo amalume ake, a Madhav Mantri, anaseweererapo India ma Test anayi. Nkhani imene Gavaskar amakonda kuibwereza ndi yakuti ali mwana anapempha amalume akewo kuti amupatse juzi ya timu ya dziko, koma iwo anamukaniza, namuuza kuti chovala chimenecho munthu amachita kuchikhetsera thukuta.

Bombay inali ndi kaphunzitsidwe kakekake ka omenya. Ana ankasewera m'mabwalo odzaza ngati Shivaji Park ndi Azad Maidan, pomwe masewero angapo amachitika nthawi imodzi, ndipo mnyamata wotuluka msanga ankadikira sabata yathunthu kuti amenyenso. Mpikisano wa Kanga League unkaseweredwa m'nyengo ya mvula pa nthaka yonyowa, pomwe mpira umachita zosayembekezeka. Ophunzitsa ankalimbikira chinthu chimodzi, chakuti wiketi yako usaipereke mwaulere. Timu ya mzindawu inatenga chikho cha Ranji Trophy zaka 15 zotsatizana, kuyambira nyengo ya 1958-59 mpaka 1972-73, ndipo Gavaskar, amene anaphunzira ku St Xavier's n'kusewerera kalabu ya Dadar Union, anakulira m'mwambo umenewu. Anali wamfupi, wotalika pafupifupi mita imodzi ndi masentimita 65, koma ufupiwo ankaugwiritsa ntchito bwino. Ankaima mowongoka, mutu uli chete, chomenyera chikutsika molunjika pafupi ndi thupi, ndipo mpira wopita kumutu ankauyang'anitsitsa mpaka pomaliza n'kungoweramira pambali.

Kulowa kwake mu kriketi ya mayiko kunali kodabwitsa. Mu 1971, ali ndi zaka 21, anasankhidwa kupita ku West Indies, mayiko a ku Caribbean amene amasewera ngati timu imodzi, ndi timu yotsogozedwa ndi Ajit Wadekar. Test yoyamba sanasewere chifukwa chala chinali chitatupa, koma m'ma Test anayi otsalawo anapeza marani 774, omwe mpaka lero palibe wosewera watsopano amene anawafikapo pa mndandanda wake woyamba wa ma Test. Ku Port of Spain anapeza 65 ndi 67 osatuluka, ndipo India inagonjetsa West Indies koyamba m'mbiri yake. Ku Georgetown anapeza 116, ku Bridgetown 117 osatuluka, ndipo atabwereranso ku Port of Spain pa Test yomaliza anapeza 124 ndi 220 dzino likumuwawa koopsa. India inatenga mndandandawo 1-0, ndipo miyezi ingapo pambuyo pake inakapambananso koyamba ku England.

Kuti timvetse chifukwa chake anthu a ku India anamulandira motero, tiyenera kuona mmene timuyo inalili. Mphamvu yake inali mwa oponya anayi ozunguza mpira pang'onopang'ono, omwe ndi Bishan Bedi, Erapalli Prasanna, Bhagwat Chandrasekhar ndi Srinivas Venkataraghavan. Woponya waliwiro weniweni kunalibe mpaka pamene Kapil Dev anatulukira mu 1978, moti nthawi zina Gavaskar yemweyo ankapatsidwa mpira watsopano kuti aponye pang'ono, cholinga chili chongouchotsa kunyezimira kuti ozunguza aja ayambe ntchito. Zimenezi zinali ndi zotsatira ziwiri. Omenya a ku India ankakula osazolowera liwiro, ndipo matimu ena ankawaponyera mipira yolunjika kumutu mopanda mantha podziwa kuti palibe wobwezera. Mu 1962 kaputeni wa India, Nari Contractor, amenenso anali wotsegulira, anaswedwa chigaza ndi mpira wa Charlie Griffith ku Barbados, ndipo ngakhale anapulumuka atachitidwa maopaleshoni, sanasewerenso Test. Mbiri yakuti omenya a ku India amaopa liwiro inali itamera mizu, ndipo Gavaskar ndiye anaizula.

Anthu ambiri amatchula kuti anadutsa marani 100 maulendo 13 polimbana ndi West Indies, ndipo amazinena ngati kuti maulendo onsewo ankakumana ndi oponya oopsa aja amene dziko linkawaopa. Chilungamo chimafuna kuti nambalayi tiigawe. Maulendo anayi anali a mu 1971, pamene Wes Hall ndi Griffith anali atapuma ndipo Andy Roberts ndi Michael Holding anali asanabwere. Ena anayi anali a mu 1978-79, pamene akatswiri ambiri a West Indies anali atapita kukasewera mu mpikisano wa Kerry Packer ku Australia, ngakhale kuti timu imene inabwera ku India inali ndi Sylvester Clarke komanso Malcolm Marshall akali wamng'ono. Otsala asanu ndiwo anapezeka pamaso pa liwiro lenileni, awiri mu 1976 ndi atatu mu 1983. Kunena zimenezi sikumuchepetsa, chifukwa m'zaka zimenezo omenya ambiri otchuka anapuma osapezako ngakhale awiri kwa oponya amenewo, ndipo asanuwo akawaonetsetsa amanena zambiri kuposa 13 yongotchulidwa pakamwa.

Ulendo wa 1976 ndi umene unasintha kriketi ya dziko lonse. Ku Port of Spain, India inafunika marani 403 mu innings yomaliza ndipo inawapeza itataya mawiketi anayi okha, Gavaskar atapeza 102 ndipo Gundappa Viswanath, amene pambuyo pake anakwatira mlongo wake wa Gavaskar, atapeza 112. Kaputeni wa West Indies, Clive Lloyd, anali atadalira ozunguza mpira atatu ndipo anamugwiritsa mwala. Pa Test yotsatira ku Kingston anatembenukira ku liwiro. Gavaskar ndi Anshuman Gaekwad anayamba bwino n'kupeza marani 136 ali awiri, koma mipira yolunjika pathupi inachuluka. Gaekwad anamenyedwa pakhutu n'kugonekedwa m'chipatala, Brijesh Patel anamenyedwa pakamwa, Viswanath anathyoka chala, ndipo mu innings yachiwiri India inathera pa marani 97 chifukwa anthu asanu sanathe kulowa. Kuchokera pamenepo West Indies inayamba kudalira oponya aliwiro anayi nthawi imodzi, ndipo inalamulira kriketi kwa zaka zoposa 15. Gavaskar anakwiya kwambiri ndi zimene zinachitika ku Kingston, ndipo mawu amene analemba onena za oonerera a ku Jamaica anali onyoza mopitirira malire, moti ambiri amawaona ngati banga pa mbiri yake. Ndi bwino kuzinena, makamaka poti munthu yemweyu ankakondedwa kwambiri ku Trinidad ndi ku Guyana, ndipo mwana wake anamutcha Rohan polemekeza katswiri wa ku Guyana, Rohan Kanhai.

Zipewa zolimba zoteteza mutu zinayamba kuvalidwa mu Test cha mu 1978, koma Gavaskar sanavalepo mpaka kupuma. Mu 1983 ku Georgetown, mpira wa Marshall unamugunda pamutu, koma anapitiriza kumenya mpaka kupeza 147 osatuluka, ndipo pambuyo pake anayamba kuvala kachotetezera kopepuka kunsi kwa chipewa chake chansalu. Pa ulendo umenewo, kupatula innings imodziyi, anavutika kwambiri. Kumapeto kwa chaka chomwecho West Indies inabwera ku India ili ndi ukali chifukwa India inali itaigonjetsa mu fainolo ya chikho cha dziko lonse. Ku Kanpur, Marshall anamutulutsa pa 0 ndi pa 7, ndipo mu innings yachiwiri mpira unamulanda chomenyera m'manja. Anthu anayamba kunena kuti zake zatha. Patapita sabata imodzi ku Delhi, munthu amene kwa zaka zambiri anali atasiya kumenya mipira yakumutu anaganiza zoimenya, ndipo anafika pa 100 m'mipira 94 yokha, natuluka pa 121. Pamenepo anafanana ndi Don Bradman wa ku Australia, amene anadutsa marani 100 maulendo 29, kuposa wina aliyense kufikira nthawiyo. Innings imeneyi ndi umboni wakuti kumenya mwaukali ankakutha bwino lomwe, kungoti ankadziletsa dala chifukwa timu yake sikanapirira kumutaya msanga. Ku Ahmedabad anapeza 90 pa nthaka yovuta n'kupitirira marani 8,114 a Geoffrey Boycott wa ku England, omwe anali ochuluka kwambiri mu Test pa nthawiyo. Pa Test yomaliza ku Madras anapempha kuti alowe wachinayi m'malo motsegulira, koma Marshall anatulutsa anthu awiri timu isanapeze ngakhale rani imodzi, moti anakumanabe ndi mpira watsopano. Anapeza 236 osatuluka, marani ochuluka kwambiri a wosewera wa India mu Test mpaka pamene VVS Laxman anapeza 281 mu 2001.

Innings imene ambiri amaiika pamwamba ndi ya ku Oval ku London mu 1979. India inafunika marani 438, chinthu chimene palibe timu inali itachitapo. Gavaskar ndi Chetan Chauhan, mnzake amene anatsegulira naye kwa nthawi yaitali, anapeza 213 asanasiyane. Gavaskar anakhala pabwalo maola oposa asanu ndi atatu, ndipo pamene Ian Botham ankamutulutsa pa 221, India inali pa 389. Otsatira anasokonezeka, mawiketi anagwa motsatizana, ndipo nthawi inatha timu ili pa 429, itataya anthu asanu ndi atatu, kutatsala marani 9 okha. Mmene masewerowa anathera ndi chithunzi cha moyo wake wonse wa pabwalo, chifukwa iye akalipo zonse zinkaoneka zotheka, ndipo atangochoka timu inayamba kulimbana ndi kudzipulumutsa.

Kusamala komweko kunali ndi mbali yake yowawa. Pa 7 Juni 1975, pa masewero oyamba enieni a chikho cha dziko lonse ku Lord's, England inapeza marani 334 m'maova 60 (ova imodzi ndi mipira isanu ndi umodzi). Gavaskar anamenya maova onse 60 n'kupeza marani 36 okha m'mipira 174, ndipo India inathera pa 132, n'kuluza ndi marani 202. Oonerera ena a ku India analowa m'bwalo kukamudandaulira. Palibe chifukwa chomveka chimene chingaikire kumbuyo kasewero kotere, ndipo iye mwini anavomereza kuti inali innings yoipitsitsa pa moyo wake. Masiku anayi pambuyo pake ku Leeds anapeza 65 osatuluka polimbana ndi timu ya East Africa, yomwe inali ndi osewera ochokera ku Kenya, Uganda, Tanzania ndi Zambia, ndipo kumeneko kunali kupambana kokhako kwa India pa mpikisanowo. Kriketi ya tsiku limodzi inamutengera nthawi kuti aizolowere. Ngakhale mu 1983, pamene India motsogozedwa ndi Kapil Dev inatenga chikhocho, iye sanathandize kwenikweni ndi marani. Pa masewero otchuka a ku Tunbridge Wells, pomwe Zimbabwe inagwetsa mawiketi asanu India ili pa 17 Kapil asanaipulumutse ndi 175, Gavaskar anali woyamba kutuluka asanapeze kanthu, ndipo mu fainolo anapeza 2.

Ukaputeni wake umaonetsa khalidwe lomweli. Anatsogolera India m'ma Test 47, napambana 9, naluza 8, ndipo 30 anathera kulepherana. Pamene England inabwera mu 1981-82, India inapambana Test yoyamba kenako n'kutseka zitseko zonse, moti ma Test asanu otsatira anali otopetsa kuonera. Omutsutsa amati ankaopa kuluza kuposa mmene ankafunira kupambana. Omuikira kumbuyo amayankha kuti ndi woponya waliwiro mmodzi yekha, ozunguza mpira aja atakalamba, sakanatha kutulutsa anthu 20 m'masiku asanu. Mbali zonse ziwiri zili ndi mfundo, koma ndikuona kuti yachiwiriyi ndi yolemerapo, chifukwa pamene anapatsidwa timu yokwanira ya tsiku limodzi mu 1985, anaitsogolera mochenjera mpaka kutenga chikho cha World Championship of Cricket ku Melbourne osaluza masewero ngakhale amodzi, ndipo atangolandira chikhocho anatula pansi udindo.

Anali munthu wosachedwa kupsa mtima akaona ngati akunyozedwa. Ku Melbourne mu Febuluwale 1981, woimbira Rex Whitehead anagamula kuti watchinga ndi mwendo mpira wa Dennis Lillee ali pa 70, pomwe iye ankakhulupirira kuti mpirawo unayamba wakhudza chomenyera. Atasinthana mawu ndi osewera a Australia, anauza Chauhan kuti atuluke naye limodzi, zomwe zikanachititsa kuti India ionedwe ngati yanyanyala masewero. Mkulu woyang'anira timu, Shahid Durrani, anakumana nawo pamalire a bwalo n'kumubweza Chauhan. India inapambana Test imeneyo itatulutsa Australia yonse pa marani 83, ndipo patapita zaka zambiri Gavaskar ananena poyera kuti monga kaputeni sanayenere kuchita zimenezo. Ubale wake ndi Kapil Dev nawonso unali wovuta, makamaka chifukwa akuluakulu osankha timu ankangosinthanitsa ukaputeni pakati pa awiriwa. Kapil atachotsedwa pa Test ya ku Calcutta kumapeto kwa 1984, khamu la pabwalo la Eden Gardens linaloza chala Gavaskar, linamukuwiza ndi kumugenda ndi zipatso, ngakhale iye wakhala akukana kuti ndiye anayambitsa ganizolo. Analumbira kuti sadzaseweranso pabwalolo, ndipo anasungadi mawu ake mu 1987, zomwe zinadula mndandanda wake wa ma Test 106 otsatizana.

Test yake yomaliza, ya ku Bangalore mu Malichi 1987, ndi imene ndingasonyeze munthu wofuna kudziwa luso lake. Ma Test anayi oyamba ndi Pakistan anali atathera kulepherana, ndipo wachisanu unaseweredwa pa nthaka yofumbutuka imene mpira unkazungulira ndi kudumpha kuyambira tsiku loyamba. Pakistan inathera pa 116 mu innings yoyamba, India pa 145, ndipo pomaliza India inafunika 221. Iqbal Qasim ndi Tauseef Ahmed ankaponya mipira imene ina inkakwera mpaka paphewa, ina n'kumakwawa pansi. Gavaskar, ali ndi zaka 37, ankatambasula mwendo kuti aufikire mpira pomwe wagwera usanapatuke, kapena ankabwerera m'mbuyo n'kuudikira mpaka pomaliza, manja ali ofewa kuti ukakhudza m'mphepete mwa chomenyera ugwere pansi osafika kwa owakha amene anamuzungulira. Anakhala maola oposa asanu n'kupeza 96, pamene mnzake womutsatira pa marani, Mohammad Azharuddin, anapeza 26. Atatuluka, India inathera pa 204 n'kuluza ndi marani 16, ndipo Pakistan ya Imran Khan inatenga mndandanda koyamba pa nthaka ya India. Munthu amene anatchuka chifukwa cholimbana ndi liwiro anatsanzika ndi phunziro la mmene amamenyera mpira wozungulira.

Miyezi yotsatira inamupatsa zinthu ziwiri zimene zinkasowa. Mu Ogasiti anapeza 188 ku Lord's, bwalo limene anali asanadutsepo 100, pa masewero okondwerera zaka 200 za kalabu ya MCC, ngakhale kuti masewerowo sawerengedwa ngati Test. Pa 31 Okutobala ku Nagpur, pa chikho cha dziko lonse, anapeza 103 osatuluka m'mipira 88 polimbana ndi New Zealand, ulendo wokhawo umene anadutsa 100 pa masewero 108 a tsiku limodzi. Masiku asanu pambuyo pake, kwawo ku Bombay, anatuluka pa 4 mu semifainolo imene England inapambana, ndipo sanasewererenso India.

Atapuma sanachoke mu kriketi. Wakhala akulemba m'manyuzipepala ndi kufotokozera masewero pa wailesi ya kanema kwa zaka zoposa 30, ndipo amadziwika ndi kudzudzula mosabisa womenya amene wataya wiketi mosasamala. Wakhalanso liwu lamphamvu lotsutsa maganizo akuti England ndi Australia ndiwo eni ake a masewerowa, ndipo mu 2008 anasiya udindo wa wapampando wa komiti ya kriketi m'bungwe la ICC, loyendetsa kriketi padziko lonse, pamene zinaoneka kuti udindowo sukugwirizana ndi zimene ankalemba. Ena amamudandaula kuti ukali umenewu suoneka kwenikweni nkhani ikakhudza bungwe la kwawo la BCCI, lomwe lili ndi mphamvu pa ntchito youlutsa masewero, ndipo dandauloli si lopanda maziko. Komabe mu 2014, mpikisano wa matimu a m'mizinda ya ku India wotchedwa IPL utadetsedwa ndi nkhani za katangale ndi kubetcha, khoti lalikulu kwambiri la India linasankha iyeyo kuti agwirizire utsogoleri wa bungwelo pa nkhani za mpikisanowo, zomwe zikusonyeza mmene dzina lake limadaliridwira. Anathandizanso kukhazikitsa bungwe la CHAMPS Foundation lothandiza akatswiri akale a masewero amene agwa m'mavuto a zachuma, ndipo m'zaka zaposachedwapa wadzipereka pa ntchito yopezera ana obadwa ndi matenda a mtima maopaleshoni aulere. Mwana wake Rohan anasewerera India masewero 11 a tsiku limodzi mu 2004.

Allan Border wa ku Australia anapitirira marani ake mu 1993, ndipo kuyambira 1996 India ndi Australia zimalimbirana chikho chotchedwa Border-Gavaskar Trophy. Maulendo 34 aja anakhala osafikiridwa kwa nthawi yaitali, mpaka Sachin Tendulkar, mwana wa mabwalo omwe aja a ku Bombay, amene Gavaskar anamupatsa zotetezera miyendo zake akali mnyamata wa pasukulu, anawapitirira ku Delhi mu Disembala 2005. Tendulkar ankalowa wachinayi, ndipo pa omenya onse amene adutsa marani 10,000 mu Test chiyambire 1987, amene anachita zimenezi ali wotsegulira pafupifupi kwa moyo wake wonse wa pabwalo ndi Alastair Cook wa ku England, yemwe anafikapo mu 2016, patatha zaka 29.